Anatema Mphini Pamene Adokotala Anatseka

Inu owerenga, amuna anga lero ali ndi mwendo umodzi. Winawo unawonongeka ine ndili pomwepo, nditagwada, pakamwa nditatseka. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4 ndipo kuyankhula pagulu sindikutha, koma ndalimba mtima kulemba kuti mayi wina asadzaone zimene ndinaona ine.

Ndinakwatiwa kwa Lundu, ndipo ndimakhala pamudzi wa makolo a amuna anga. Amuna angawo anali odula nzimbe ku esiteti, munthu wamphamvu zake. Mwana wathu Estere ali wakhanda, bambo akewo anayamba kudandaula mwendo wakumanja. Akayenda pang'ono ankakhala pansi. Kenako phazi linayamba kuzizira ngati mtsuko wa madzi, pamene kunja kunali kutentha kwathu kuno kwa mwezi wa Okutobala.

Kuchipatala cha pa boma anatitumiza ku Blantyre. Tinachita mwayi, tinapezako madokotala ochokera kunja amene anabwera kudzathandiza kwa kanthawi. Anati magazi aundana mumtsempha waukulu ndipo njira yatsekeka. Sanang'ambe mwendo ayi. Anaboola kabowo pamphechepeche, n'kulowetsa kapaipi kowonda ngati waya wa wailesi, kamene kanakakoka magazi oundanawo. Atatha anatseka bowolo ndi kachotsekera kakang'ono ngati njere ya mpunga, kamene amati kamasungunuka kokha m'thupi. Nditagwira phazi lija ndinalipeza lofunda, ndipo misozi inangotsika yokha.

Tisanatuluke, anesi anandiitanira pambali chifukwa bambo a Estere anali akadali ndi tulo ta mankhwala. Anandiuza kuti asanyamule zolemera, asapalase njinga mpaka papole. Anatinso pakatupa, makamaka chotupacho chikamagunda ngati mtima, pasakhudze munthu, tithamangire kuchipatala, chifukwa umenewo ndi mtsempha womwewo ukudontha mkati. Anandionetsanso mmene ndingapsinjire ndi chibakera magazi akatuluka. Anandifunsa ngati ndamva, ine ndinagwedeza mutu. Ndinamvadi, inu owerenga. Sindinganame kuti sindinamve.

Titafika kumudzi sipanatenge masiku, uthenga unabwera kuti akapitawo a ku esiteti akufuna kupereka ntchito ya bambo a Estere kwa munthu wina. Ndinawakumbutsa za njinga, iwo anati akungokaonekera basi, sakadula nzimbe. Anapalasadi njinga n'kupita, koma msewu wa ku esiteti mabampu ake ndi osaneneka. Kutacha, pamalo paja panali chotupa ngati dzira la bakha. Ndinaikapo dzanja, chinali kugunda.

Ndinawapempha kuti tinyamuke nthawi yomweyo. Anayankha kuti ayambe auza bambo awo, poti pamudzi pathu nkhani ya matenda imayambira kwa akulu. Apongozi aamunawo analowa m'nyumba, ine ndinatuluka monga mwa mwambo. Potuluka ndinamva apongoziwo akuseka.

"Nkhabe, ameneyu ndi mwanabere chabe. Azungu aja anasiya kanthu kawo m'thupi, ndiye magazi oipa asonkhana. Kaitaneni atsibweni ake adzateme mphini."

Atsibweniwo ndi munthu wodziwika kwathu kuno pa nkhani yotema mphini ndi kupaka mankhwala. Anathandizapo ambiri odwala mutu ndi msana, sindikana. Koma ine ndinkadziwa kuti ichi si mwanabere.

Tsono mumvetse mmene ndinaleredwera. Mtengwa sayang'ana apongozi aamuna kumaso, sawayankha, ndipo akafuna kunena kanthu amadzera kwa apongozi aakazi. Nanga kutchula mphechepeche ya mwana wawo iwo akumva? Ndinapita kuseri kwa khitchini, ndinagwada, n'kuwanong'oneza apongozi aakazi zonse zimene anesi ananena. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Iwe mwana, wapita ku Blantyre kamodzi kokha wasanduka dokotala? Zakumaloko ukufuna ukazitchule pamaso pa apongozi ako? Anakulangiza ndani?"

Mawu amenewo anandimanga miyendo. Atsibweni atafika, ndine ndemwe amene ndinatumidwa kugolosale kukagula lezala latsopano. Ndinapita, mwana ali kumsana, ndinagula, ndinabwera nalo, ndinalipereka ndi manja awiri nditagwada. Njira yonseyo ndinkadziuza kuti ndikafika ndikakana. Nditafika ndinakhala pakhonde ngati mlendo.

Ndinamva kukuwa. Nditalowa, magazi anali akuthovoka mpaka pakhoma, ngati paipi yothirira nzimbe ikaphulika. Atsibweni anali ataima pakona, lezala lili m'manja. Apongozi aamuna ankangoitana dzina la mwana wawo. Pamenepo manyazi anandithera, koma anatha mochedwa. Ndinavula chitenje, ndinachipinda, n'kupsinja ndi chibakera thupi langa lonse litatsamira pomwepo. Tinawakweza pangolo, ndipo sindinachotse dzanja mpaka kuchipatala chaching'ono; muambulansi yopita kuchipatala chachikulu anesi ankachita kusinthana nane.

Moyo wawo unapulumuka, koma mwendo unakhala nthawi yaitali wopanda magazi, unada, ndipo anaudula pamwamba pa bondo. Adokotala atafunsa kuti wacheka pamenepa ndani, apongozi aamuna anati pangophulika pokha. Ine ndinayang'ana pansi.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti mpaka lero pamudzi ponse amati kachotsekera ka azungu ndi kamene kanaoletsa mwendo. Ena amati ndine ndinalakwa kuvomera zopita ku Blantyre. Za lezala palibe amatchula. Atsibweni amabwerabe, ndimawapatsa madzi osamba m'manja nditagwada, ndipo amandiyamikira kuti ndine mtengwa waulemu. Ntchito ya ku esiteti inatha. Ine ndi amene ndimapita kukapalira m'minda ya anthu, bambo a Estere amatsala pakhonde akusoka nsapato za anthu oyenda ndi miyendo iwiri.

Tsiku lina ndinawaululira bambo a Estere kuti ndinkadziwa, ndiponso kuti ndinauza amayi awo. Anayang'ana ndodo zawo zoyendera. Kenako anati, "Ukanangokuwa, mayi a Estere. Akanakunena wamwano mwezi umodzi, basi." Sanabwerezenso, koma mawuwo ndimadzuka nawo ndi kugona nawo.

Amayi anzanga, makamaka inu atengwa achichepere, pamene achipatala aboola ndi kutseka si pamalo a mphini, kuthowa kapena kufinya, ngakhale wonenayo akhale ndi imvi mutu wonse. Pakatupa, nyamukani. Ndipo ngati anesi anauza inuyo, dziwani kuti pamudzi ponsepo wodziwa ndinu nokha. Imirirani pakhomo, tchulani malowo ndi dzina lake, akutukwaneni. Ine ndinasankha kutchedwa waulemu, ndipo dzinalo ndili nalodi. Mwendo ndi umene kulibe.