Tsiku Limene Ndinakoka Mdani Wathu pa Kabwata

Ine ndine Gidiyoni Zulu wa ku Kabwata. Sukulu ndinalekera Sitandade 2, choncho wofuna mawu osalala akagule nyuzipepala. Koma za njinga musandiphunzitse. Anyamata a masiku ano amavala zisoti zonyezimira n'kumandipitirira pa mseu osapereka moni, osadziwa kuti miyendo iyi inaliza amuna a ku migodi.

Ntchito yanga yoyamba inali yoperekera mabanzi pa kampani ina yophika buledi, nthawi ija ya Chipani chimodzi, pamene anthu ankaima pamzere kufuna sopo ndi shuga. Anandipatsa njinga yakuda, yolemera ngati ngolo, ya keliyala kutsogolo. M'mawa uliwonse ndinkachoka m'tauni ndi kreti yodzaza, kupita kumagolosale a ku Woodlands ndi Kabulonga. Tsiku lina ndinapeza anyamata anayi a majezi ofanana akupalasa mondondozana pa tinjinga topyapyala. Ndinawapitirira, kreti ili pomwepo, uku ndikuliza belu. Kumbuyo kwawo kunali vani ya kampani yathu yomwe. Woyendetsa wake anandiimitsa, mdala wamfupi wa chipewa chothothoka. Anali ba Daka, kochi wa timu ya njinga ya kampani.

"Iwe, miyendo iyo uionongela pa mabanzi?" anatero. "Mailo ubwele ku yadi."

Mawa lake ndinapita, ndipo ndinakhala munthu wachisanu wa timu. Pa dzina tinali antchito a m'fakitale, koma ikakwana teni koloko tinkavula maovolosi n'kukwera njinga. Imeneyo ndiyo inali ntchito yeniyeni. Matayala a mpikisano ankasowa ngati shuga. Likabooka tinkalitumbula, kumata chubu, kulisoka ndi singano ndi ulusi wa nsapato, kenako kulimata pa limu ya wilo ndi guluu n'kulisiya masiku awiri kuti ligwire. Tcheni tinkatsuka ndi palafini. Masipoko tinkakunga ndi kasipanala kakang'ono mpaka wilo lizungulire osakhudza buleki. Matayala atsopano akapezeka, ankapita kwa kaputeni. Ife enafe, zigamba.

Amene simudziwa masewerawa mvetserani. Mpikisano wa masiku angapo amaphatikiza nthawi ya masiku onse, ndipo wa nthawi yochepa ndiye amavala jezi yachikasu. Timu ndi anthu asanu, koma wopambana ndi mmodzi. Mdani wamkulu ndi mphepo. Amene ali patsogolo amaidya yonse pachifuwa, ndiye timati akukoka. Amene wabisala kumbuyo kwake amapuma, ndiye timati wakhala pa wilo. Ntchito ya anayi ndi kukoka, kunyamula mabotolo a madzi, ndi kufikitsa kaputeni pafupi ndi mzere womaliza asanatope.

Kaputeni wathu anali Fredi Mwanza, wa Fomu 5, wokhala kwa amalume ake ku Woodlands. Sindinama, kupalasa ankatha, ndipo mutu wa mpikisano anali nawo. Koma munthu woipa mtima ngati uja sindinamuonenso. Zaka ziwiri ndinamudyera mphepo, dzina langa sanalitchulepo. "Mabanzi, madzi." "Mabanzi, tseka mpata uwo." Botolo akamwa ankaliponya pansi kuti ndikatole pobwerera. Ine mwana wa Angoni, ndevu zili pakamwa, kuitanidwa ndi dzina la chakudya cha ana asukulu.

Amene ankandiziziritsa mtima anali Tembo, wamkulu pa tonsefe. Iye anachokera ku mauvuni, kumene moto ndi fumbi la ufa zinkamutsokomoletsa, ndipo timu ndiyo inamutulutsako. Ndiye anandiphunzitsa kusoka tayala. Ankanditchula Gidi. "Musiye chabe, Gidi," ankatero. "Ife tikokela ntchito, sitikokela Mwanza."

Chaka chimenecho kunali mpikisano wa masiku atatu, womalizira mu Lusaka. Manijala wa kampani anatiitana mu ofesi n'kunena mosabisa kuti jezi ikapitanso kwa timu ya ku migodi, njinga azitsekera m'sitolo, aliyense abwerere kumene anachokera. Tembo anangoyang'ana pansi.

Tsiku loyamba Mwanza anatenga jezi. Tsiku lachiwiri tayala lake lakumbuyo linaphulika pakati pa njira. Ndinatsika, kumasula wilo langa, kulimanga pa njinga yake, kumukankha. Ine ndinatsala padzuwa kudikira vani, ndipo ndinafika womaliza, anthu atayamba kale kubalalika. Madzulo ake munthu uja anabwera pamene ndinakhala. Ndinkati mwina lero athokoza.

"Mabanzi, wilo yako inali yokhota. Uzikunga masipoko."

Ndinameza. Koma sanatsike mawuwo, anakhala pakhosi.

Tsiku lachitatu njira inali yotere: kuchoka m'tauni kupita ku Chelstone, kutembenuka, kenako kuzungulira katatu Kabulonga, Woodlands ndi Kabwata, n'kumalizira pa Cairo Road. Wachiwiri pa nthawi anali Chisala, kaputeni wa ku migodi, ndipo anatsala kumbuyo kwa Mwanza ndi nthawi yosakwana mphindi imodzi. Ba Daka anatisonkhanitsa pa vani, n'kujambula njira pa dothi ndi sipanala.

"Chisala azathawa gulu, alibe njila ina. Akathawa, Zulu upite naye. Ukhale pa wilo yake. Osakoka. Olo akutukwanile amai ako, osakoka. Atope yekha, Tembo na anzake abweletse gulu, timugwile. Wamvela?"

"Ndamva, ba kochi."

Nzeru yake inali yoona. Munthu mmodzi sangalimbane ndi mphepo mpaka kumapeto pamene gulu likumuthamangitsa. Koma awiri osinthana kukoka angathe.

Zinachitika momwemo. Titangotembenuka ku Chelstone, Chisala anaimirira pa mapedulo n'kuchoka ngati waba. Ndinalumphira pa wilo lake. Tinasiya gulu, awiriwiri. Anakoka mtunda wautali, kenako anagwedeza chigongono, chizindikiro chakuti pita patsogolo. Ine ndinakhalabe pa wilo lake. Anatembenuka akuseka. Iye Mbemba, ine Mngoni, ndife a chimbuya, timatukwanana popanda mlandu.

"Shani, ba Zulu? Mbuya, mbewa zamene mumadya sizipatsa mphamvu?"

"Palasa, wodya anyani iwe."

Koma mawu amodzi anandigwira. Anati ba Zulu. Mdani wa ku migodi ankadziwa dzina langa, pamene munthu amene ndinamupatsa wilo dzulo lake sankalidziwa.

Tinadutsa Kabulonga, Woodlands, n'kutsikira ku Kabwata. Kwathu. Anthu anali atadzaza mbali zonse za mseu, amayi a pamsika, amuna a ku tchalitchi kwathu, mkazi wanga ndi mwana kumbuyo. Anthu a ku Kabwata za kukhala pa wilo sankazidziwa. Iwo anaona chabe mwana wa pakhomo pawo atabisala kumbuyo kwa mlendo.

"Ba Zulu, mubisala chani kumbuyo kwa mwamuna mnzanu?" anakuwa mayi wina wogulitsa tomato. "Mwakwatiwa?"

Mseu wonse unaseka. Ndinamva kuseka kuja mpaka m'mano. Chisala anamvanso, ndipo mochenjera anayamba kundithira mchere.

"Mbuya, uyo Mwanza akakwela pa tebulo kulandila jezi, iwe uzakhala kuti? Ku vani, kusunga njinga yake. Tiye tikoke. Ine nifuna jezi chabe. Pa Cairo Road upite ndiwe, anthu ako akuone."

Kabulonga yonse ndinakhala pa wilo, Woodlands yonse. Ndinaona kuti mapewa a Chisala ayamba kugwedera, ndipo nditacheuka ndinaona gulu likuyandikira, Tembo ali patsogolo atawerama. Nzeru ya ba Daka inali kugwira. Kukanakhala kupirira chabe mphindi zochepa.

Koma Kabwata inabweranso. Ndinaona patali nsalu ya mkazi wanga, ndi mayi wa tomato uja atakonza kale manja pakamwa. Pakhosi panga panali wilo lokhota lija. Ndinasintha giya, ndinatuluka, ndinapita patsogolo. Kabwata inaphulika. Anthu anathamanga m'mbali mwa mseu akutchula dzina langa, ndipo ine ndinakoka monga sindinakokerepo Mwanza tsiku lililonse.

Vani inatipeza pa Woodlands. Ba Daka anatulutsa mutu pawindo, maso ali psuu.

"Zulu, choka kutsogolo. Ukupha anzako, chitsilu iwe. Choka."

Ndinayang'ana phula. Tinasinthana ndi Chisala bwinobwino, iye pang'ono, ine kwambiri, ndipo gulu linazimiririka kumbuyo. Chisala sananame. Pa Cairo Road anandisiya ndipite, ndinadutsa mzere woyamba, manja m'mwamba. Anthu anandinyamula. Gulu linafika mphindi imodzi itadutsa kale. Jezi inapita ku migodi.

Mwanza anabwera molunjika kwa ine. "Zulu, ndiwe galu."

"Eya, lelo walidziwa dzina," ndinamuyankha, ndipo mpaka lero yankho limenelo limandikoma.

Ba Daka sanakuwe. Anangogwira chishalo cha njinga yanga n'kunena, "Tsika. Si yako." Anaiponya mu vani.

Tembo anafika pambuyo pa onse. Anali atakoka gulu mizungulo iwiri pafupifupi yekha, mpaka miyendo inamuthera. Anakhala m'mphepete mwa mseu akutsokomola, malovu ali ndovi pachibwano. Ndinapita kwa iye ndi kapu imene anandipatsa popambana tsikulo ili m'manja, ndikuganiza kuti iye yekha amvetsa.

"Nenze kuona msana wako," anatero osandiyang'ana. "Nenze kuti Gidi azaleka manje manje. Ninapitiliza kukoka chifukwa nenze kuti uzaleka."

Manijala anachita zimene ananena. Sabata yotsatira njinga zinalowa m'sitolo. Mwanza amalume ake anamupezera mpando mu ofesi ina, sanataye kanthu. Ine ndinabwerera ku kreti ya mabanzi, ndipo ku Kabwata ndinali mfumu, mowa ankandigulira chaka chathunthu. Tembo anabwerera ku mauvuni.

Tsono amene mukufuna phunziro, nali. Kaputeni amene sadziwa maina a anthu omudyera mphepo asadabwe tsiku limene mmodzi adzakokera mdani. Mwanza anazifuna yekha, ndipo akabwera lero pakhomo pano ndimuuzanso pamaso. Sindinamupepese, sindidzamupepesa. Koma ukalasa kaputeni mumpikisano, sumulasa iye. Iye ali pa wilo, wabisala. Amene umalasa ndi munthu amene ali patsogolo pa gulu, akudya mphepo kuti akugwire. Zimenezi ba Daka sanazijambule pa dothi paja, ndipo ine ndinazidziwa nditadutsa kale mzere.

Kapu ija ilipo pa kabati, mkazi wanga amasungiramo mabatani. Tembo alipo, timapemphera tchalitchi chimodzi, chifuwa chake chimamveka kuchokera ku benchi yakumbuyo. Sanandinyozepo, sanandikumbutsepo. Tikatuluka amandigwira chanza ndi manja awiri, mwaulemu wonse, n'kunena kuti, "Muli bwanji, ba Zulu." Ulemu umene ndinkaufuna uja ndinaupeza. Kuyambira tsiku la pa Cairo Road, sananditchulenso Gidi.