Kachingwe ka a Neba

A neba athu, okonza mawailesi pa Luangwa Boma, sataya chinthu chakale. Amakonda kunena kuti, "Chakale chimadziwa njira, chatsopano chimadziwa liwiro." N'chifukwa chake m'kompyuta yawo muli makhadi awiri a zithunzi: lakale limaonetsa malemba, latsopano limayendetsa masewera a mpikisano wa mamotoka. Kachingwe kakafupi ndiko kamalumikiza awiriwo.

Tsiku loyamba kuonetsa masewerawo, atadzitama sabata yonse, anaitana asodzi ndi ife amalonda. Atayatsa, galasi linangoti bii. Kachingwe kanalibepo.

"Amake Jeff, mwakaona kachingwe kakuda?" a neba anafunsa akazi awo.

"Kaja kolimba bwino? Ndamangira mtolo wa nsomba zouma. Uli kale pa lole ya ku Lusaka."

Mdalayo analiyatsa liwiro, napeza lole ikuliza hutala. Anakwera pamwamba, nafufuza m'mitolo makumi atatu mpaka anakapeza. Atabwerako ali wefuwefu analumikiza, mamotoka n'kutulukira pagalasi. Asodzi anakuwa, ena mpaka kuvina.

"Atate ake Jeff, nanga nsomba zanga mwamanga ndi chiyani?"

Mdala anangoseka. Ankasewera ndi dzanja limodzi, lina litagwira buluku. Lamba wawo anali paulendo wa ku Lusaka.