Kangachepe ka Azakhali

Azakhali anga amasita zovala kudziko lakunja, m'chipinda chapansi pa hotela ina, momwe nthunzi imachita kudontha kudenga. Chaka chino ndi chawo chakhumi ndi chimodzi. Salipidwa pamwezi ayi, amawawerengera mashati amene asita. Kolala imodzi ikapsa, amawadula ndalama ya mashati khumi. Alendo akachepa pahotelapo, ife kuno timadziwira pa ndalama yolowa m'foni.

Ponyamuka anati zaka ziwiri basi, amangitse chipinda chawo kuseri kwa nyumba ya bambo, abwerere adzapume. Chipindacho chinamangidwadi, chamalata, chitseko chabuluu. Inatsala ndi ndalama ya basi yobwerera yokha, imene ankaponya pang'onopang'ono m'chitini.

Koma pakhomo pathu pali mawu amene ndimadana nawo: kangachepe. "Uwauze achemwaliwo atumizeko kangachepe," amatero bambo, poti foni ndi yanga ndipo woimba ndine. Kangachepe ka mankhwala a agogo, ka maliro a kuchimuna, ka fizi yanga yomwe, sindidzichotsamo ayi. Kangachepe kanji kokwana mashati mazana anayi! Azakhali nawo sadziwa kukana. Amangoti, "Chabwino mwana wanga, ndiona," mawa lake chitini chija n'kutsala mbee.

Chaka chatha dzanja lawo lamanja linayamba kuuma, zala n'kumakana kugwira simbi. Kapitawo anawasamutsira kopinda matawulo, komwe malipiro ake ndi theka. Ndalama zobwera kuno zinatsika, mwezi wina osabwera n'komwe. Mayi anayamba zoyankhula: "Apezako mwamuna amenewo, mudzanditsutsa." Zinandiwawa kwambiri. Wodya nawo ndikanati chiyani?

Bambo anati sitingagone ndi njala chipinda chili chokhoma. Anathyola loko n'kulowetsamo telala wina wa lendi. Telalayo analipiriratu miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ndalamazo zinatha sabata yomweyo. Mabulangete ndi mapoto a azakhali ali m'matumba pansi pa bedi langa. Eni ake palibe anawauza.

Lamlungu lapitali azakhali anaimba okha masana, pa nthawi yawo yopuma. Mawu awo anali otopa, koma ankaseka.

"Iwe, ndatopa ine. Dzanjali silikundilolanso. Anzanga kuno andisonkhera, ya basi yakwana. Ndinyamuka Lachisanu."

Bambo anali chilili pakhomo, akumva zonse. Anandipukusira mutu kuti ndisayerekeze kunena. Kuseri makina a telala ankalira osapumira, moti ndinatchinga foni ndi dzanja. Manyazi amene ndinachita sindinawachitepo chibadwire.

"Ukatsegule mawindo m'chipinda changamo mupite mphepo," anatero azakhali. "Ukolopemonso, undiyalire pabedi. Ndikafika ndikufuna kungogona. Wamva?"

"Ndamva, azakhali," ndinatero.