Kachitsulo ka M'khosi Mwanga

Chitsekereni mzinda wa Doha kuno ku Qatar, kumene ndimagwira ntchito, chifukwa cha korona, abwana anga satulukanso. Amangokhalira kupukuta tizitsulo tozungulira timene amasonkhanitsa, tomwe asilikali akale ankagulira fodya ndi sopo m'makampu awo pa nthawi ya nkhondo. Dzulo anati ndiwathandize, ndipo zala zanga zinatsala zikununkha mkuwa.

Fungo limeneli ndinakula nalo. Makolo anga atamwalira, agogo anandimangirira m'khosi kachitsulo kotere, kamene malemu amuna awo anabwera nako kuchokera kunkhondo. Sanandiuze chifukwa chake. Ine ndinkaganiza kuti ndi kamene kankandiletsa kufa, poti amayi ndi abambo analibe kawo.

Tsiku lina ku Sande sukulu, a Mbewe, mkulu wa mpingo, anaona chingwe chija.

"Chithumwa m'nyumba ya Mulungu? Tabwera kuno iwe!"

Anachidula ndi lezala anzanga akuseka, kachitsuloko n'kukakaponya m'chimbudzi.

Sindinalire. Ndinapatsa mnzanga Esnati mpira wanga wa fulaye, n'kukagona pamphasa dzuwa likuswa mtengo, kudikira imfa. Agogo atamva, ananyamuka kupita kwa a Mbewe opanda mpango kumutu, ine pambuyo.

"A Mbewe, kaja si mankhwala ayi! Mwanayu alibe ngakhale chithunzi cha makolo ake, n'kokhako kamene anali nako. Kakavuuleni!"

"Mayi, mwanayu ndamupulumutsa," anayankha akumwetulira, natseka chitseko.

A Mbewe anakalamba akulemekezedwa, osadziwa kuti kamwana kena kanagonapo pamphasa kudikira imfa chifukwa cha iwo. Anthu amati ndiwakhululukire. Sindinayambe ndayesa n'komwe.