Mawu oti "obwera" atiwawa lero

Mwaswera bwanji nonse.

Lero ku Lirangwe abambo ndi amalume akangana koopsa atamva pa wailesi za nkhondo ya Aisiraeli ndi Apalestina. Abambo amati dzikolo Mulungu anapatsa Aisiraeli. Amalume akuti, "Ayi alamu, Aisiraeliwo ndi obwera, ndi amene anaputa."

Abambo akuti, "Mawu amenewo ndinawamva nthawi ya Chitaganya, akapitawo akugwetsa nyumba yathu ku Chileka, ati Alomwe tibwerere ku Mozambiki. Chonsecho ndinabadwira pomwepo."

Amalume anawagwira dzanja. "Pepani alamu. Nanga poti nanunso anakugwetserani nyumba ngati Apalestina, muli mbali iti?"

"Konseko kukundiwawa."

Inu mukuti bwanji? Tsutsanani, koma mawu amenewo asalowe m'gulu muno.