Buleki ya Waya ndi Mkono wa Apongozi Anga

Mkono wamanja wa apongozi anga aakazi ndi wopindika, ndipo amene anaupinda ndine. Anthu akwathu ku Chulu amangodziwa kuti inali ngozi ya njinga yamoto. Zimene sadziwa ndi zimene ndikufuna kuulula lero kwa inu owerenga, makamaka inu eni njinga amene mumati zokonzetsa tidzaona mawa.

Njingayo ndinaigula chaka china fodya wanga atayenda bwino kumsika. Tsiku lililonse ndinkaipukuta mpaka thanki kumaonetsa nkhope, koma zimene zimasunga moyo wa munthu sindinkazilabadira. Buleki yakutsogolo ndinaimasula ndekha chifukwa anzanga anati pamchenga imagwetsa. Ndinatsala ndi yakumbuyo, yoponda ndi phazi ija. Tsiku lina nati yogwira kandodo ka buleki imeneyi inagwa m'njira. Ndinasomola waya pachigafa cha fodya, n'kumukulunga katatu, ndipo nditaponda inagwira. Ndinadziona ngati katswiri.

Makaniko wa pa Chulu, bambo wachikulire wosakonda zolankhulalankhula, anamuona wayayo nditapita kukapopetsa tayala. Anamugwedeza ndi chala nati, "Achimwene, iyi si buleki, ndi pemphero. Tiikepo nati." Mtengo wake sunkaposa wa botolo la chakumwa. Ndinayankha kuti ndibwera Loweruka. Pakadafunda padajiwitsa galu: masabata asanu anadutsa ndisanapondeko.

Apongozi angawo ndi mayi wamasiye, ndipo chaka chimenecho dzina lawo linatuluka pa makuponi a feteleza wotsika mtengo. Kokagula kunkafunika mwini dzina, malo ake ndi akutali, miyendo yawo n'kuti itayamba kuvuta. Mkazi wanga anandipempha kuti ndiwanyamule. Apa panali povuta. Ine ndine mkamwini, ndipo kwathu mkamwini ndi apongozi sakhalirana pafupi. Zaka zisanu ndi zinayi ndili pamudzipo ndinali ndisanawagwirepo chanza. Moni tinkapatsana titanjuta, nkhope zitayang'ana kumbali. Choncho popita tinaika mtolo wa masaka pakati pathu, iwo n'kukhala chammbali kumbuyo atagwira chitsulo. Njira yonse palibe anatsokomola.

Tinakhala pamzere mpaka dzuwa kufika paliwombo. Feteleza wobereketsa anali asanabwere, ndiye anangopeza thumba limodzi la wokulitsa. Tinaligoneka pakati pathu, iwo n'kulikumbatira ndi manja awiri. Ndikukumbukira kuti asanakwere anaima kaye akuyang'ana pansi, cha kutayala lakumbuyo. Ndinaganiza kuti akuopa kupsa ndi ekizozi.

Kwathu n'kwachidikha, koma pali mtsetse umodzi wautali wotsikira kudambo, ndipo pansi pake pali kamlatho ka matabwa kongodutsa ngolo imodzi. Inali nthawi ija petulo ankasowa, tikugula wa m'mabotolo. Titafika pamwamba ndinachita zimene ndinazolowera: ndinachotsa giya n'kuzimitsa injini kuti njinga itsike yokha. Ndi kulemera kwa thumba lija inayamba kuthamanga kuposa masiku onse. Nditakweza maso ndinaona ngolo ya ng'ombe yodzaza nkhuni ikulowa pamlatho. Ndinaponda buleki. Ndinamva kuti thi, phazi langa n'kungopita pansi popanda chogwira.

Inu owerenga, ndikuvomera poyera kuti mutu wanga unaima. Giya inakana kulowa. Kumanzere kunali chigwembe cha miyala, kutsogolo nyanga za ng'ombe zikungokula. Ngakhale kukuwa ndinalephera, pakuti pakamwa panga panali pasanazolowere kutseguka pamaso pa mayi amenewa.

Mwadzidzidzi ndinamva njinga yapepuka. Apongozi anali atakankhira pansi thumba lija, thumba lomwe analidikira chaka chathunthu. Kenako manja awiri anandizinga pachifuwa ngati lamba, ndipo pakhutu panga panamveka mawu odekha, ngati a munthu amene akukuuza kuti madzi osamba afunda. "Lowani m'munda, mwana wanga. Mizereyo muidule, musaitsate."

Kumanja kunali munda wogalauza kale, nthaka itafewa ndi mvula yoyamba. Ndinakhotetsa. Njinga inagunda mzere woyamba n'kudumpha, wachiwiri, wachitatu, uliwonse ukuidya liwiro, mpaka tayala lakutsogolo linatitimira ndipo tinagwa. Ine ndinadzuka ndi dothi mkamwa, wopanda ngakhale bala. Iwo anagwera mkono ndipo unathyoka. Pamene tinagwera ndi pamlatho panali poti mwana atha kuponya mwala.

Mpaka lero ndikaganiza, thupi limachita tsemwe. Mayi wokalamba amene chibadwire anali asanakwerepo njinga yamoto kufikira tsikulo anaona njira pamene ine mwini njinga ndinkangoona manda. Sanakuwe, sananjenjemere. Anataya feteleza wake, anathyola mwambo wa zaka zisanu ndi zinayi, zonsezi m'kuphethira kwa diso. Mwini wa ngolo ija anavula chipewa n'kuima nthawi yaitali akupukusa mutu. Kenako anatsitsa nkhuni zake n'kutinyamula kupita kuchipatala, amayi apafupi akuwola feteleza panjira ndi manja ndi mbale.

Kuchipatalako mkazi wanga anawafunsa kumene anazidziwa zimenezi. Anati malemu amuna awo ankatero ng'ombe zikathawa ndi ngolo. Achibale nawo anabwera nkhope zili gwa, amalume a mkazi wanga akufunsa kuti mkamwini wachita chiyani. Ine ndinali chilili pakhomo. Apongozi anangoti njinga inaterereka pamchenga, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Tsiku lotuluka m'chipatala anandiitana ndekha, chinthu chomwe chinali chisanachitikepo. Ndinakhala pansi chapatali, iwo nati ndisendere. "Waya uja ndinamuona tisanakwere," anatero. "Ndinafuna kufunsa, koma ndinachita nanu manyazi, inu mkamwini wanga. Inunso munachita manyazi kundiuza. Mwaona mmene ulemu wathu ukanatiphera?" Ndinalira ngati mwana, iwo n'kumanditonthoza ndi dzanja lamanzere.

Mkonowo unapola mopindika, ndipo khasu sakweza. Chaka chilichonse ndimayamba kulima munda wawo ndisanagwire wanga, koma sindinama kuti zimenezi zimabweza kanthu. Nati ija ndinakaikitsa njinga itangotuluka m'munda muja, ndipo makaniko anaimanga tiyi wake asanazizire. Sanandinene ngakhale liwu limodzi, zomwe zinandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Anzanga a njinga, waya ndi wa pachigafa. Buleki zonse ziwiri zizigwira, pamtsetse injini isazime ngakhale petulo atadula chotani, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi. Ngati pali chimene mwamanga mongoyembekeza, muuzeni munthu asanakwere, kaya ndi apongozi, kuti asankhe yekha kuyenda wapansi.

Mwezi wathawu mwana wanga womaliza anafunsa agogo ake chifukwa chake amamunyamula ndi mkono umodzi. Iwo anandiyang'ana, anamwetulira, nati unali mchenga. Mwana wanga, ukadzadziwa kuwerenga udzapeze pano kuti sunali mchenga. Anali atate ako.