Kuitana kabaza pochoka kuchipinda kupita pabalaza

A Jafali, lero akukwirirani kachiwiri. Mkulu amene anatenga mpando wanu muofesi muno wafufuta zonse zimene munakonza mu Vim, pulogalamu yolembera ija, pakompyuta yanu, ati nzachikale. M'malo mwake waunjikamo mapulagini, timapulogalamu toonjezera tija: ina yoonetsa mafoda m'mbali, ina yoyala mafayilo otsegula pamwamba ngati usipa pathandala, ina sakuidziwa n'komwe ntchito yake, anangoona anzake pa intaneti akuiyamikira. Fayilo ya pulogalamu ya loji ya ku Makokola waisaka mpaka tiyi wake kuzizira, chonsecho inali yotsegula kale. Ndiye akutiuza monyada kuti tiphunzireko kwa iye.

Ndakumbuka tsiku limene nanenso ndinaika zoterezi n'kukuitanani kuti mudzaone. Munaima kumbuyo kwanga mukusenda nthochi, n'kunena kuti, "Chemwali, fayilo imene mwatsegula kale ili m'nyumba mwanu. Mukuitaniranji kabaza pochoka kuchipinda kupita pabalaza?" Ndinakwiya, koma munandisiyira pulagini imodzi yokha, yopezera fayilo polemba zilembo zochepa za dzina lake, n'kundiphunzitsa makiyi awiri odumphira pakati pa mafayilo otsegula. Mpaka lero sindinaonjezereko china.

Mkuluyu atapita kukadya, ndinakhala pampando wanu n'kudina makiyi awiri aja. Palibe chinasuntha. Tsiku la maliro anu ndinalimba mtima, a Jafali, koma lero pamakiyi pamenepa zandikanika. Allah akuunikireni m'manda mwanu.